Nthangala za nthula ndi abale ake: chakudya, mankhwala kapena poizoni?

M'mphepete mwa msewu, kuseri kwa khola, m'masala ndi pabusa pamene ng'ombe zamaliza udzu, nthula sisowa. Ndi kachitsamba kofika m'chiuno, nthawi zina kupitirira, ka masamba otuwa aubweya, minga apo ndi apo, ndi maluwa a pepo okhala ndi kachikasu pakati. Chipatso chake chikakhala chachiwisi chimakhala chobiriwira chamizeremizere, chikapsa chimasanduka chachikasu chowala. Mukachiponda ndi chidendene chimaphulika, n'kutulutsa madzi oterera ndi tinthangala tambirimbiri tophwatalala, tofanana kwambiri ndi ta mabilinganya.

Tinthangala totere, ta nthula ndi ta zomera zina zam'tchire za mtundu wa mabilinganya, asayansi a ku Africa ndi ku Asia akhala akutiyeza m'malabotale. Zimene amapeza zimakoma kuwerenga: muli mafuta, mapuloteni, ayironi, kashiamu ndi zina zoteteza thupi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti m'Malawi muno ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo 63 mwa 100 ali ndi magazi ochepa. M'dziko lotere, mbiri ya chakudya chomera chokha, chosafuna feteleza, imagwira mtima msanga, ndipo wina angaganize zosinja nthangalazi n'kuthira m'phala la mwana. Asanatero, pali mafunso atatu oyenera kuyankhidwa: chomeracho ndi chiti, zabwino zolembedwa papepalazo zimafikadi m'magazi, ndipo zimabwera limodzi ndi chiyani? Tikawatsata bwino mafunsowa tiona kuti nthangalazi ndi zamtengo wapatali ndithu, koma mtengo wakewo suli m'mbale ya phala.

Banja limodzi, makhalidwe osiyana

Zomera zonsezi zili m'gulu limene asayansi amalitcha Solanum, lomwe lili ndi mitundu yoposa 1,200. Phwetekere ndi mbatatesi zili momwemo. Mabilinganya amene timagula pamsika adayamba kulimidwa ku Asia, ndipo mpaka lero China ndi India ndi amene amakolola ochuluka padziko lonse. Koma abale ake ambiri am'tchire ali kuno ku Africa. Nthula yathuyi m'mabuku akale a zomera inkalembedwa kuti Solanum incanum kapena Solanum panduriforme. Lero akatswiri amaika nthula zambiri za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa pa dzina la Solanum campylacanthum. Sidyedwa, ndipo ku Kenya, kumene yadzaza m'malo odyetsera ziweto, imadziwika kuti imadwalitsa nkhosa ndi ng'ombe.

Zimphwa, zimene anzathu a ku Zambia amati impwa ndipo ku Tanzania amati ngogwe, ndi Solanum aethiopicum. Izi ndi zolimidwa, ndipo alimi a mu Africa momwemuno ndi amene adaziweta kuchokera ku chitsamba cham'tchire cha Solanum anguivi. Chitsamba chimenechi chimabala tizipatso tating'ono towawa timene ku Uganda amadya, n'kumatitcha katunkuma. Zimphwa zidawoloka nyanja pa nthawi ya malonda a akapolo, ndipo ku Brazil amazidya mpaka pano pa dzina la jiló. Kumadzulo kwa Africa kuli gboma, Solanum macrocarpon, amene amalimidwa chifukwa cha masamba ndi zipatso zake. Palinso Solanum torvum, chitsamba chochokera ku America chimene tizipatso take amathira mu supu ku Ghana, ku Thailand ndi kumwera kwa India. Mnadzi umene timathyola masamba ake m'munda nawonso ndi wa banja lomweli.

Choncho lipoti lonena za nthangala za biringanya wam'tchire likhoza kukhala la chomera chimene anthu akhala akudya kwa zaka mazana, kapena la chomera chimene chimagwetsa nkhosa. Manambala a chomera china sangasamutsidwire kwa chinzake chifukwa chongofanana maluwa.

Zimene labotale imapeza

Palibe chodabwitsa kuti nthangala zili ndi mafuta ndi mapuloteni. Nthangala iliyonse ndi kamwana ka chomera kopatsidwa kamba wa paulendo, woti kadye mpaka katatulutsa masamba n'kuyamba kudzipangira chakudya. Kamba ameneyu amasungidwa wouma ndi wopanikizika, n'chifukwa chake nthangala zimaposa mnofu wa chipatso, umene magawo oposa 90 pa 100 amangokhala madzi.

Pofuna kudziwa kuchuluka kwa mafuta, asayansi amaumitsa nthangala, kuzipera, n'kuzitsuka mobwerezabwereza ndi mankhwala osungunula mafuta, m'chipangizo chimene Franz von Soxhlet adakonza m'chaka cha 1879. M'nthangala za banja la Solanum zimene zayezedwa kwambiri, monga za phwetekere, mabilinganya ndi mnadzi, mafuta amayambira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa nthangala zouma. Oposa theka la mafutawa amakhala a mtundu wa linoleic acid, kenaka oleic ndi palmitic. Linoleic acid ndi wofunika chifukwa thupi la munthu silingathe kumupanga lokha. George ndi Mildred Burr adaonetsa zimenezi ku Minnesota m'zaka za 1929 ndi 1930, ataona makoswe omanidwa mafuta akupinimbira ndi kusuwa khungu. Mafuta amenewa amalowa m'timakoma ta maselo ndipo amathandiza khungu kusunga madzi.

Mapuloteni nawo alimo ndithu. M'nthangala za phwetekere amafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Muli potaziyamu, fosifolasi, maginiziyamu, kashiamu, ayironi ndi zinki, komanso vitamini E amene amateteza mafutawo kuti asavunde. M'zipatso za banjali mulinso chlorogenic acid, amene amachititsa kuti biringanya wodulidwa ade msanga akakumana ndi mpweya. Mitundu ina yam'tchire, kuphatikizapo Solanum incanum, ili naye wochuluka kuposa mabilinganya olimidwa.

Kuchoka papepala kufika m'magazi

Manambala onsewa amawerengedwa pa magalamu 100 a nthangala zouma, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Nthangala za mabilinganya ndi zopepuka kwambiri, mwakuti galamu imodzi imafuna nthangala 200 kapena kuposa. Magalamu 10 okha ndiye kuti nthangala zoposa 2,000, ndipo mafuta otuluka mmenemo ndi magalamu awiri kapena atatu. Mtedza wodzaza dzanja limodzi, wa magalamu 30, umapereka mafuta pafupifupi magalamu 14 ndi mapuloteni oposa magalamu 7. Pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, soya ali ndi mapuloteni oposa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo nthanga za maungu zili ndi zonse ziwiri zochuluka. Linoleic acid yemweyo ali wambiri mu mpendadzuwa ndi soya. Palibe chakudya chomanga thupi chimene chili m'nthangala zam'tchirezi chimene mlimi alibe kale m'nkhokwe.

Chachiwiri ndi khungu la nthangala. Chomera chidalikonza kuti lipirire m'mimba mwa mbalame kapena nyama, nthangalayo ikatuluke yamoyo kutali ndi make. Umboni wake timauona tokha: phwetekere womera yekha kudzala kapena pafupi ndi chimbudzi. Nthangala imene yamezedwa yathunthu imatuluka ndi mafuta ndi mapuloteni ake onse.

Chachitatu ndi zinthu zimene zimamanga michere. Nthangala zimasunga fosifolasi wake mu phytate, ndipo phytate amagwira ayironi ndi zinki m'matumbo kuti zisalowe m'magazi. Matanini, amene amathetsa m'kamwa malovu munthu akaluma chipatso chosapsa, amachitanso chimodzimodzi ndi ayironi. Ku Ghana anthu ambiri amakhulupirira kuti tizipatso ta Solanum torvum timawonjezera magazi, ndipo ayironi alimodi. Koma ayironi wa m'zomera amalowa pang'ono poyerekeza ndi wa m'nyama ndi nsomba, ndipo amalowa bwino akadyedwa pamodzi ndi zakudya za vitamini C monga bwemba wa malambe, magwafa kapena mandimu.

Ngakhale nambala ya mapuloteni iyenera kuwerengedwa mosamala. Njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri, ya Johan Kjeldahl ya m'chaka cha 1883, simayeza mapuloteni enieniwo. Imayeza nayitirojeni, kenaka n'kuchulukitsa ndi 6.25. Nayitirojeni aliyense amene ali m'nthangalamo amawerengedwa, kuphatikizapo wa m'zinthu zimene si chakudya. Poizoni wa banja la Solanum nayenso ali ndi nayitirojeni. Mawu akuti antioxidant nawonso asatitengere kutali: mayeso ambiri amachitikira m'kabotolo, osati m'thupi la munthu. M'chaka cha 2012 unduna wa zamalimidwe wa dziko la America udachotsa pa intaneti ndandanda yake ya mphamvu zotere m'zakudya, chifukwa manambalawo sankasonyeza zimene zimachitika munthu akadya, pomwe amalonda ankawagwiritsa ntchito pokopa ogula.

Kuwawa kuli ndi chifukwa chake

Chomera sichingathawe mbozi, nkhungu kapena mbuzi, choncho chimadziteteza ndi mankhwala. A banja la Solanum amatchedwa glycoalkaloid. Woyamba kupezeka adali solanine, amene katswiri wa zamankhwala wa ku France, Desfosses, adamutulutsa m'zipatso za mnadzi m'chaka cha 1820. Mu mbatatesi muli solanine ndi chaconine, pomwe m'mabilinganya ndi nthula muli solasonine ndi solamargine. Amachuluka kwambiri m'zipatso zosapsa, ndipo nthangala zimakhala zomira m'madzi owawa omwewo.

Amagwira ntchito m'njira ziwiri. Amakakamira kolesitelo wa m'timakoma ta maselo n'kutiboola, ndiye m'matumbo mumatupa, munthu n'kuyamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kumva kuotcha kukhosi. Amasokonezanso enzaimu imene imazimitsa uthenga wa m'mitsempha ukafika, ndiye pamabwera chizungulire, kufooka, kubwebweta, ndipo zikafika poipa kupuma kumavuta. Pa mbatatesi, malire amene mayiko ambiri amatsata ndi mamiligalamu 200 pa kilogalamu. M'chaka cha 2020 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, la EFSA, lidati zizindikiro zikhoza kuyamba munthu akadya miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa mwana wolemera makilogalamu 15, amenewo ndi mamiligalamu 15 okha. Kuwiritsa sikuwononga poizoniyu. Kutaya madzi oyamba kumangochotsako gawo limene lasungunukira m'madzimo.

Izi zidachitikapo kwa anthu. Anyamata 78 a pasukulu ina kumwera kwa London adadwala atadya mbatatesi zokhalitsa, ndipo 17 adagonekedwa m'chipatala. Ku America, mbatatesi ya mtundu wa Lenape, imene idali ndi magazi a mbatatesi yam'tchire, idachotsedwa pamsika m'chaka cha 1970 chifukwa poizoni wake adali wokwera. Ngakhale chomera chodyedwa chikhoza kusintha: m'chaka cha 2008 madokotala adalemba za anthu a ku New York ndi ku Toronto amene adadwala mitsempha atadya tizipatso ta Solanum torvum tochokera ku Jamaica, kumene timadyedwa masiku onse. Kuchuluka kwa poizoni kumasiyana malinga ndi mtundu, kupsa kwa chipatso ndi mavuto amene chomera chakumana nawo pokula.

Kafukufuku wina wa ku Spain wa m'chaka cha 2010 adayerekeza mitundu yolimidwa. Zipatso za zimphwa zidapezeka ndi poizoni wochepa, wofanana ndi wa mabilinganya wamba, kutali ndi malire oopsa. Koma zipatso za gboma zimene adayeza zidapitirira malire kasanu mpaka kakhumi. Apa pakuoneka ntchito yaikulu imene makolo a mu Africa adagwira: chaka ndi chaka ankasunga mbewu za zimphwa zosawawa kwambiri, mpaka kuwawa kudatsika kufika podyeka. Nthula sidadutse m'manja otere. Akuluakulu amene adatiletsa kuidya tili ana adali atayeza kale, ndipo paja amati safunsa adadya phula.

Pamene poizoni amasanduka chuma

Mphamvu yomweyo imene imavulaza ndi imene imapatsa zomerazi ntchito zina. Kumidzi madzi a nthula amapakidwa pa chipere, ndipo m'labotale solamargine amaphadi tizilombo tina ta nkhungu. Ku Ethiopia zipatso zake amaziwiritsa n'kuchapira zovala ndi kufufutira zikopa, chifukwa zimachita thovu. Koma mankhwala oboola maselo sasankha, choncho madziwa sayenera kudonthezedwa m'maso kapena kumwedwa.

Mukachotsa shuga amene wamatirira pa solasonine ndi solamargine, chotsala ndi solasodine. Kapangidwe kake kamafanana ndi ka mahomoni a m'thupi la munthu, mwakuti fakitale ikhoza kumusandutsa mahomoni a m'mapiritsi olerera kapena cortisone wochepetsa kutupa. Chifukwa cha ichi, dziko la Soviet Union ndi Hungary adalima Solanum laciniatum, India adalima mtundu wina wam'tchire, ndipo ku Taranaki, m'dziko la New Zealand, adatsegula minda ya poroporo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ulimi wa ku New Zealand sudakhalitse, ndipo makampani ambiri amadalira zipangizo zotsika mtengo zochokera ku zilazi ndi soya. Ku Australia adapanga mafuta opaka pa khansa zina za pakhungu kuchokera ku Solanum linnaeanum, chomera cha ku South Africa, ndipo ku Taiwan ayesa mankhwala opaka ochokera ku Solanum incanum pa zilonda zoyambitsidwa ndi dzuwa. Onsewa ndi opaka pakhungu, oyengedwa ndi oyezedwa mlingo. Solamargine amapha maselo a khansa m'kabotolo, koma amaphwanyanso maselo ofiira a magazi. Aliyense wogulitsa ufa wa nthula kuti ndi mankhwala akumwa a khansa akuika moyo wa wodwala pachiswe.

Chitsanzo chooneka bwino cha mphamvu ya nthangala zenizenizo chili ku Sudan. Kumeneko kumamera chitsamba chaminga cha Solanum dubium, chimene eni ake amati gubbain. Oweta ziweto ena amasinja nthangala zake, kuziviika m'madzi, kusefa, n'kuthira madziwo mu mkaka. Mkakawo umagwirana, madzi n'kupatuka, ndipo chotsala amachifinya n'kuthira mchere kuti chikhale tchizi choyera. M'mayiko ambiri ntchito imeneyi imafuna enzaimu yochokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe, imene ndi yodula. M'chaka cha 2009 asayansi adalengeza kuti apatula enzaimu ya m'nthangalazi, n'kuitcha dubiumin. Imadula mapuloteni a mu mkaka ndipo imapirira kutentha ndi mchere. Taonani kuti a ku Sudan sadya nthangalazo. Amangotengako pang'ono kuti zigwire ntchito, chakudya chenicheni n'kukhala mkaka.

Nthangala ngati mbewu

Phindu lalikulu koposa la nthangala zam'tchire ndi moyo umene uli m'kati mwake. Nthula imakhala yobiriwira mu Okutobala pamene dimba lauma, popanda wothirira kapena wopopera mankhwala. Kulimba kumeneku kuli m'chibadwa chake, ndipo popeza ndi mbale wa biringanya, kukhoza kusamutsidwa pokwatitsa maluwa. Ku Universitat Politècnica de València, gulu la Jaime Prohens lakwatitsa mabilinganya ndi Solanum incanum n'kupanga mitundu yokhala ndi tizigawo ta chibadwa cham'tchire, pofuna kupirira chilala ndi kuwonjezera chlorogenic acid popanda kubweretsa poizoni. Phunziro la mbatatesi ya Lenape limakumbutsa oweta mbewu kuti aziyeza poizoni pa mbadwo uliwonse.

Alimi a ku Japan ndi ku Italy amafesa nthangala za Solanum torvum, n'kumezanitsa biringanya pamwamba pa tsinde lake. Mizu yam'tchireyo imalimbana ndi matenda ofotetsa a m'nthaka ndi tinyongolotsi totupitsa mizu, mavuto amene alimi a phwetekere ndi mabilinganya m'madimba mwathu amawadziwa bwino.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2011 bungwe la Crop Trust ndi nkhokwe ya mbewu ya Kew ku Britain, ndi ndalama za dziko la Norway, adayamba ntchito yotolera mbewu za abale am'tchire a zomera zodyedwa, ndipo biringanya adali pa ndandanda. World Vegetable Center, imene ili ndi nthambi ku Arusha, imasunga mitundu yambiri ya zimphwa ndipo idathandiza kutulutsa mtundu wa DB3 umene alimi a ku Tanzania amalima. Mu 2019 asayansi adafalitsa ndondomeko ya chibadwa cha zimphwa. Kuno kwathu nkhokwe ya mbewu ya dziko ili ku Chitedze, ndipo ya mayiko a SADC ili ku Chalimbana, pafupi ndi Lusaka.

Choyenera kuchita

Pakhomo nkhani ndi yosavuta. Zimphwa ndi ndiwo zabwino, kaya zokazinga ndi phwetekere ndi anyezi, kaya zotendera, ndipo nthangala zake zanthete zimadyedwa limodzi ndi mnofu popanda vuto. Mnadzi wophika ndi ndiwo zamasamba zopatsa thanzi. Mafuta ndi mapuloteni a m'phala la mwana achokere ku nsinjiro, soya, nthanga za maungu, mazira ndi usipa. Nthula, yaiwisi kapena yakupsa, isalowe m'mphika, ndipo mwana akaidya n'kuyamba kusanza kapena kufooka, apite naye kuchipatala msanga, atatenga chipatsocho kuti adokotala achione.

Kwa ofufuza a ku Bunda, ku Chitedze ndi kwina, pempho ndi lakuti ntchitoyi isamalekezere pakati. Lipoti lotchula mafuta ndi mapuloteni okha, osatchula solasonine ndi solamargine, likhoza kusocheretsa mayi amene akufuna kupulumutsa mwana wake. Lizinena dzina lenileni la chomera, kumene chidathyoledwa, ngati chipatso chidali chakupsa, kuchuluka kwa poizoni, ndi gawo la michere limene limalowadi m'thupi. Pakufunikanso kuyendera mudzi ndi mudzi kutolera mitundu ya zimphwa imene amayi amasunga m'zikho ndi m'mapepala pamwamba pa moto, chifukwa mbewu zogula m'sitolo zikamafala, zamakolo zimatha mwakachetechete, ndipo mtundu umene watha subwereranso.

Tikafuna kuti nthangala zam'tchirezi zithandize ana athu, njira yake ndi yodzera m'dimba: zipereke kulimba kwake kwa zimphwa ndi mabilinganya, kuti mlimi azikolola ndiwo ngakhale chaka chimene mvula yadula msanga. Kuti zimenezi zitheke pakufunika ndalama za kafukufuku, nkhokwe za mbewu zosamalidwa bwino, ndi alangizi amene amauza anthu zoona zake za chomera chilichonse.